Kodi n'chifukwa chiyani nyemba zimachedwa kupsa pamwamba pa phiri la Zomba?

Mayi a ku Chinamwali:
Ndikupereka moni kwa nonse a pa gulu lino. Ndili ndi funso limene ndikupempha kuti amene anaphunzira sayansi atithandize, chifukwa kunyumba kwathu takangana osamvana. Alamu anga amagwira ntchito ya m'nkhalango pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo amanenetsa kuti nyemba zimene kuno kumunsi zimapsa ndi mbaula imodzi ya makala, kumtunda kuja zimafuna kuwonjezera makala ena ngakhale madzi akubwata bwinobwino. Abambo akunyumba akuti vuto ndi nkhuni zonyowa ndi chifunga basi, koma alamuwo akuti ngakhale madzi a tiyi a kumeneko satentha ngati a kuno. Kodi madzi owira si owira basi, kaya ndi ku Chawe paphiripo kaya ndi kuno ku Chinamwali?

Aphunzitsi opuma a ku Domasi:
Zikomo mayi chifukwa cha funso labwino. Alamu anuwo akunena zoona, ngakhale kuti abambo akunyumba nawonso sanaphonye kwenikweni. Kusukulu tinkaphunzitsa ana kuti madzi amawira pa madigiri 100, koma nthawi zambiri tinkasiya mawu ofunika akuti zimenezi zimachitika kumalo otsika, ofanana ndi gombe la nyanja yamchere, monga ku Beira kapena ku Nacala. Munthu akamakwera mtunda, madzi amayamba kuwira asanafike pa madigiri 100, ndipo pa mamita pafupifupi 300 alionse amene wakwera, digiri imodzi imachoka. Tauni yathu ya Zomba ili pa mamita opitirira pang'ono 900, choncho madzi a m'ketulo yanu amawira pa madigiri pafupifupi 97. Nsonga ya phiri, ya Malumbe, imapitirira mamita 2,000, ndipo kumeneko madzi amawira pa madigiri pafupifupi 93. Pa Sapitwa ku Mulanje, pamene ndi mamita 3,002, amawira pa madigiri pafupifupi 90, pomwe pamwamba pa Everest, phiri lalitali kuposa onse padziko lapansi, amawira pa madigiri pafupifupi 70 okha.

Chimene chimafewetsa nyemba si kubwata kumene timakuona ndi maso, koma kutentha kwa madziwo. Madzi akangoyamba kuwira, satenthanso kupitirira pamenepo ngakhale mutasonkhezera moto chotani, popeza mphamvu yonse ya motowo imathera pa kusandutsa madzi kukhala nthunzi. Ndiye kuti nyemba za kumtunda zikuphikidwa m'madzi osatentha kwambiri poyerekeza ndi za kuno, ndipo ziyenera kukhalitsa pamoto.

Bambo a ku Sadzi:
Aphunzitsi, ndikulemekeza zimene mwafotokoza, koma ndili ndi chikayiko. Kusiyana kwa madigiri atatu kapena anayi kungachititse kuti munthu awonjezere mbaula yathunthu ya makala? Komanso anthu ambiri amene amakhala kumtunda kuja sakhala pa nsonga ya Malumbe, amakhala cha ku Chawe ndi kufupi ndi damu la Mulunguzi, kumene ndi kotsikirapo ndithu. Ine ndimagulitsa nyemba mumsika, ndipo ndikudziwa kuti nyemba zimene zagonera chaka m'thumba pamalo otentha zimalimba moti mukhoza kuziphika kuyambira m'mawa mpaka masana osafewa, pomwe zatsopano zimapsa msanga. Mwina alamu awo a mayiwa amagula nyemba zakale.

Aphunzitsi opuma a ku Domasi:
Bambo, mfundo yanu ndi yomveka ndipo sindingaitsutse. Nyemba zogonera zimalimbadi, makamaka zikasungidwa pamalo otentha ndi achinyezi, ndipo kusiyana kwa nyemba zakale ndi zatsopano kukhoza kukhala kwakukulu kuposa kusiyana kwa ku Chawe ndi kumsika. Mphepo yozizira imene imaomba poto wosavundikira nayonso imaba kutentha kwambiri. Komabe mukatenga nyemba za m'thumba limodzi, n'kuziphika m'mapoto ofanana, za kumtunda zidzatsalira ndithu, chifukwa kufewa kwa chakudya kumafulumira kapena kuchedwa kwambiri ngakhale kutentha kutasintha ndi madigiri ochepa. Ku La Paz m'dziko la Bolivia, mzinda umene uli pa mamita pafupifupi 3,600, madzi amawira asanafike pa madigiri 90, ndipo kumeneko nkhani imeneyi sikhala ya mtsutso chifukwa aliyense wophika amaiona tsiku ndi tsiku.

Wophunzira wa ku Chikanda:
Pepani akuluakulu, ine ndikufuna kumvetsa gwero lake. Kodi madzi amadziwa bwanji kuti ali paphiri? Poto ndi yemweyo, moto ndi womwewo, nanga chasintha n'chiyani?

Aphunzitsi opuma a ku Domasi:
Chasintha ndi mpweya umene uli pamwamba pa potoyo, mwanawe. Mpweya timauona ngati chinthu chopanda kulemera chifukwa tinabadwiramo, koma umalemera ndithu. Ganizirani matumba a chimanga osanjikizidwa m'nyumba yosungiramo katundu: thumba la pansi limasenza onse, la pakati limasenza theka, ndipo la pamwamba silisenza kanthu. Kugombe la nyanja yamchere, mpweya umapsinja malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ndi mphamvu yofanana ndi matani pafupifupi 10, amene ndi matumba 200 a makilogalamu 50. Kuno ku Zomba ndi matani pafupifupi 9, ndipo pa nsonga ya phiri ndi pafupifupi 8. Sitiphwanyika chifukwa matupi athu ndi odzaza ndi madzi komanso mpweya zimene zimakankha kuchokera m'kati ndi mphamvu yofanana.

Kuti madzi awire, thovu la nthunzi liyenera kupangika m'kati mwa madzimo n'kukhala ndi mphamvu yokankha mpweya umene ukupsinja pamwamba. Kumene mpweya ukupsinja kwambiri, madzi ayenera kutentha kwambiri kuti thovulo lipambane, ndipo kumene ukupsinja pang'ono, thovu limatuluka madzi asanatenthe kwenikweni. Mukadzakwera phirili, mudzatenge botolo lapulasitiki lopanda kanthu, mudzalitseke zolimba muli pamwamba, kenako mudzatsike nalo. Pofika ku tauni mudzalipeza litafinyika m'mbali ngati wina walipsinja ndi dzanja. Makutu amene amatseka galimoto ikamatsika msewu wokhotakhota wa ku Chawe, mpaka munthu kumeza malovu kapena kuyasamula kuti atseguke, akumva kusintha komweko.

Anamwino a ku Matawale:
Ndiwonjezereko kanthu kamene aliyense angayese kunyumba. Tengani sirinji yatsopano yopanda singano, mukokeremo madzi ofunda pang'ono chabe, ofika mwina pa gawo limodzi mwa magawo anayi a sirinjiyo, ndipo mutulutse mpweya wonse wotsalira. Kenako tsekani kukamwa kwake ndi chala mwamphamvu n'kukoka chokokera chija. Mudzaona madziwo akuchita thovu ngati ali pamoto, chonsecho sirinjiyo ili m'manja mwanu ndipo sikukuwotchani. Mukasiya chokokeracho chimabwerera chokha ndipo thovu limatha nthawi yomweyo. Ana amadabwa nazo kwambiri, ndipo kunena zoona ngakhale akuluakulu amapempha kuti aonenso.

Kuchipatala timagwiritsa ntchito nzeru yomweyi koma mozondoka. Zipangizo zochitira opaleshoni sitimangoziwiritsa m'poto, timaziika m'makina otsekeka otchedwa autoclave, mmene nthunzi imapanikizika mpaka kutentha kufika pa madigiri 121, ndipo zimakhalamo kwa mphindi zosachepera 15. Chifukwa chake n'chakuti tizilombo tina, monga toyambitsa kafumbata, timadzikuta m'chikhungwa cholimba chimene madzi owira wamba sangachigonjetse msanga.

Mayi a ku Chinamwali:
Anamwino, pamenepa mwandichititsa mantha. Ngati madzi a kumtunda amawira pa madigiri 93 okha, kodi kuwiritsa madzi akumwa kumeneko kumapha tizilombo ta kolera?

Anamwino a ku Matawale:
Musade nkhawa mayi, kumapha ndithu. Tizilombo toyambitsa kolera, taifodi ndi matenda ambiri otsegula m'mimba timafa madzi asanafike n'komwe powira. Mkaka wa m'mapaketi umene umasungidwa m'firiji umatenthedwa pa madigiri 72 kwa masekondi 15 okha, ndipo zimenezo zimakwanira kupha tizilombo toopsa. Madzi akumwa akabwata kwa mphindi imodzi ndiye kuti ali bwino, ndipo kumalo okwera kupitirira mamita 2,000 alangizi ena a zaumoyo amati munthu awasiye abwate kwa mphindi zitatu. Chimene chimavutitsa kwambiri ndi kuwathira m'ndowa yosatsuka kapena kutungamo ndi kapu imene yagwiridwa ndi manja akuda.

Amisiri a mijigo a ku Jali:
Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, ndipo ndikuona kuti nkhaniyi yafika pa ntchito yanga. Alimi a m'madimba a m'mbali mwa Likangala ndi ku chigwa cha Chilwa amadziwa kuti thiredo pampu imakoka madzi bwino chitsime chikakhala chosazama, koma madzi akatsika kupitirira mamita 7 kapena kuposerapo pang'ono, munthu amangopalasa thukuta lili kamukamu, madzi osabwera. Ambiri amaganiza kuti pampu yawonongeka, n'kuyamba kusintha marabala amene alibe vuto. Zoona zake n'zakuti pampu yoyamwa siikoka madzi monga timaganizira. Ntchito yake ndi kuchotsa mpweya m'paipi, ndipo chimene chimakweza madzi ndi mpweya wa kunja umene ukupsinja pamwamba pa madzi a m'chitsime. Mpweyawo uli ndi malire a mphamvu zake. Kugombe la nyanja yamchere sungakweze madzi kupitirira mamita 10 ndi pang'ono ngakhale pampu itakhala yabwino chotani, ndipo kuno kwathu malirewo amatsika kufika pa mamita pafupifupi 9. Mukachotserapo mpweya wolowera m'malumikiziro a mapaipi, mumatsala ndi mamita 7 aja.

N'chifukwa chake mjigo unapangidwa mosiyana. Silinda yake ili pansi penipeni, yomira m'madzi, ndipo ndodo zachitsulo zimatsika kuchokera ku chogwirira mpaka kumeneko, moti mukamapopa mumakhala mukunyamula madzi kuchokera pansi osati kuwayamwa kuchokera pamwamba. Mjigo wa Afridev umene uli m'midzi yathu yambiri umakweza madzi kuchokera pa mamita ofika 45. Ndipo anthu ochepa ndi amene amadziwa kuti mjigo umenewu unayambira kuno ku Malawi kumayambiriro a zaka za m'ma 1980, pamene unkatchedwa Maldev, ntchito yowukonza bwino isanapitirire ku Kenya.

Aphunzitsi opuma a ku Domasi:
Amisiri, mwakhudza pamene sayansi yonseyi inayambira, chifukwa amene anayamba kuona vutoli anali anzanu okumba zitsime ndi okonza mapampu ku Italy. Galileo, katswiri wa sayansi wa kumeneko, analemba za malire amenewa mu 1638, koma kufotokoza kwake sikunali kolondola. Anthu ophunzira a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti chilengedwe chimadana ndi malo opanda kanthu, ndipo madzi amathamangira m'paipi kuti akatseke mpatawo. Funso lovuta linali lakuti, ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani chidanicho chimathera pa mamita 10?

Amene anayankha ndi Evangelista Torricelli, yemwe anathandizapo Galileo m'miyezi yake yomaliza. Cha m'ma 1643 iye anaganiza zogwiritsa ntchito mekyule, chitsulo chamadzimadzi chija chimene chinkakhala m'zoyezera kutentha kwa thupi zakale, chimene chimalemera kuposa madzi maulendo 13.6. Chubu chagalasi chotseka mbali imodzi chinadzazidwa ndi mekyule n'kuzondotsedwa m'mbale ya mekyule yemweyo. Mekyule anatsika n'kuima pa masentimita pafupifupi 76, ndipo pamwamba pake panatsala mpata wopanda kanthu. Mukachulukitsa masentimita 76 ndi 13.6 mupeza mamita 10 ndi pang'ono, malire omwe aja a pampu.

Koma umboni umene umandisangalatsa kwambiri ndi wa ku France. Blaise Pascal, katswiri wa masamu ndi sayansi, anaganiza kuti ngati ndi mpweya umene ukugwira mekyuleyo, ndiye kuti paphiri ayenera kutsika. Iye anali wodwaladwala ndipo ankakhala kutali ndi mapiri, choncho anapempha mlamu wake, Florin Périer, kuti akwere phiri la Puy de Dôme. Pa 19 Seputembala 1648 Périer anakonza machubu awiri ofanana m'tauni ya Clermont. Chimodzi anachisiya pansi m'manja mwa wansembe wina kuti azichiyang'ana tsiku lonse, ndipo china anakwera nacho pamodzi ndi mboni. Atakwera mamita pafupifupi 1,000, mtunda wosasiyana kwenikweni ndi wochokera ku tauni yathu kukafika ku Malumbe, mekyule anali atatsika ndi masentimita opitirira 8, pomwe chubu chotsala pansi chija sichinasinthe. Nzeru yosiya chubu chimodzi pansi ndi imene ndimaitama, chifukwa inatseka pakamwa aliyense amene akananena kuti mwina nyengo ndi imene inasintha tsikulo. Bambo a ku Sadzi, mukafuna kuthetsa mtsutso wa nyemba uja, njira yake ndi yomweyi: thumba limodzi, mapoto awiri, wina kumsika wina kumtunda.

Bambo a ku Sadzi:
Nyembazo ndipereka ine, Aphunzitsi, bola wina apereke makala. Koma ndifunsenso: ngati kuchepa kwa mpweya kumachedwetsa kuphika, ndiye kuti mapoto otsekeka aja a pressure cooker amafulumira chifukwa chosunga nthunzi m'kati?

Aphunzitsi opuma a ku Domasi:
Ndi momwemo. Chivundikiro chake chimatseka ndi labala, nthunzi imasowa potulukira n'kuyamba kupsinja madzi, ndipo madziwo amatentha mpaka pafupifupi madigiri 120 asanawire. Poto wotere anayamba kumupanga Denis Papin, Mfalansa amene ankagwira ntchito ku London, mu 1679, ndipo ankafewetsa ngakhale mafupa. Papin yemweyo ndi amene anaikapo kavalavu kotulutsa nthunzi ikachuluka, ndipo amene muli ndi poto wotere muzionetsetsa kuti kabowo kake sikanatsekeke ndi makoko a nyemba, komanso musamatsegule asanazizire. Kwa amene alibe, kunyika nyemba m'madzi usiku wonse, kuvundikira poto, ndi kuchepetsa moto madzi akangoyamba kubwata kumapulumutsa makala ambiri. Moto waukulu pa poto wowira kale umangomaliza madzi ndi makala. Soda kapena chidulo zimafewetsadi nyemba msanga, koma zimawononga ena mwa mavitamini ake. Mchere umene timathira m'ndiwo ndi wochepa kwambiri moti sukweza kutentha kwa madzi ngakhale ndi digiri imodzi.

Wophunzira wa ku Chikanda:
Amisiri ndi Aphunzitsi, pali chinthu chimene chikundisokoneza. Mwanena kuti palibe pampu yoyamwa imene ingakweze madzi kupitirira mamita 10. Nanga mitengo ya paini ndi bulugamu ya paphiri ija, imene ina ndi yaitali kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa pamenepo, madzi amafika bwanji ku masamba a kunsonga? Mtengo ulibe silinda pansi ngati mjigo, ulibenso mtima wopopa.

Amisiri a mijigo a ku Jali:
Funso limeneli ine sindinaliganizirepo, chonsecho ndimadutsa pansi pa mitengoyo kawirikawiri. Aphunzitsi, apa tithandizeni, chifukwa mwa malamulo a ntchito yanga mtengo wa mamita 30 unayenera kuuma kuyambira pakati kupita kumwamba.

Aphunzitsi opuma a ku Domasi:
Mwanawe, funso limeneli linazunguza akatswiri kwa zaka zambiri, ndipo mitengo ya paphiri pathu ndi yaifupi poyerekeza ndi ina. Ku California m'dziko la America kuli mtengo wa mtundu wa redwood umene ndi wautali kupitirira mamita 115. Yankho limene akatswiri ambiri amalivomereza lero linaperekedwa ndi Henry Dixon ndi John Joly a ku Dublin m'dziko la Ireland mu 1894. Mtengo sudalira mpweya wa kunja kuti ukankhe madzi monga imachitira thiredo pampu. M'thunthu mwake muli timitsempha topyapyala kwambiri, todzaza ndi madzi kuchokera ku mizu mpaka ku masamba popanda mpata. Madzi akamauluka ngati nthunzi kudzera m'timabowo ta masamba, otsalawo amakokedwa kupita kumwamba, ndipo popeza tizigawo ta madzi timagwirana tokhatokha mwamphamvu, mzere wonsewo umakwera pamodzi osaduka. M'paipi ya pampu yanu, Amisiri, zimenezi sizitheka chifukwa paipi ndi yaikulu ndipo m'madzi a m'chitsime muli timathovu ta mpweya timene timakula n'kudula mzerewo, koma m'timitsempha ta mtengo mpweya umavutika kulowa.

Mphamvu yoyendetsa zonsezi imachokera ku dzuwa limene limaumitsa masamba, ndipo madzi opitirira 90 pa 100 alionse amene mtengo umayamwa amangodutsa n'kupita mumlengalenga. Ichi n'chifukwa chake mitengo yokula msanga ngati bulugamu imamwa madzi ambiri ikadzalidwa pafupi ndi dambo kapena kasupe.

Amisiri a mijigo a ku Jali:
Ndamva Aphunzitsi, koma pampu ikalowa mpweya ife timathira madzi pamwamba kuti iyambenso kukoka. Nanga mtengo ukalowa mpweya m'timitsempha timeneto, amauthirira ndani?

Aphunzitsi opuma a ku Domasi:
Zimachitikadi, makamaka pa chilala, nthaka ikauma masamba n'kumapitiriza kukoka. Mzere wa madzi umaduka, thovu la mpweya limadzaza kamtsemphako, ndipo nthawi zambiri kamtsempha kameneko kamasiya kugwira ntchito. Chimene chimapulumutsa mtengo n'chakuti timitsemphato ndi tambirimbiri, ndipo timalumikizana kudzera m'timabowo tokhala ndi kakhungu kamene kamalola madzi kudutsa koma kamatchinga thovu kuti lisafalikire kwa tinzake. Chaka chilichonse mtengo umapanganso timitsempha tatsopano m'munsi mwa khungwa. Chilala chikapitirira, timitsempha toduka timachuluka kuposa timene tikugwira ntchito, ndipo kawirikawiri nthambi za kunsonga, zimene zili kutali kwambiri ndi mizu, ndi zimene zimayamba kuuma.